Kalavani yodzipangira: bokosi, mphuno yosongoka, kadontho kapena ngolo ya tenti?

Mmisiri amene anandiwotcherera kalavani yanga yoyamba ku Siyaso, ku Mbare, anaijambula ndi choko pansi, pasimenti yothimbirira ndi oyilo. Anajambula bokosi, n'kuika gudumu pansi pake, kenako anadzutsa mutu. "Achimwene, mukufuna muziimirira m'katimu kapena muzikwawa?" Ndinayankha msangamsanga kuti bambo wa ana atatu ngati ine sindingamakwawe ngati khanda. Anangoti "chabwino", anafufuta denga ndi phazi n'kulijambulanso m'mwamba. Mzere wa choko umenewo ndi umene unandidyera mafuta kwa zaka ziwiri, ndipo wolakwa sanali mmisiriyo. Iye anafunsa, ine ndinayankha ndi matama.

Ambiri a ife amene makolo athu anachokera ku Malawi n'kudzakhazikika kuno ku Harare, kaya ku Mbare, Highfield, Mufakose kapena Dzivarasekwa, msewu sutichoka kumapazi. Pa Disembala ena amalowera kumudzi kudzera ku Nyamapanda ndi ku Tete. Ena ndi a mbedza, Loweruka lililonse ali ku Lake Chivero kapena ku Darwendale, ndalama zikalola n'kufika ku Kariba. Palinso misonkhano ya mpingo ya masiku atatu, ndi maliro akumudzi kumene nyumba zimadzaza mpaka amuna kuchezera pamoto. Kalavani zopangapanga, zambiri zochokera ku South Africa, mtengo wake ndi wa galimoto ina. Choncho munthu ukakhala ndi mmisiri wodalirika, maganizo odzipangira amabwera okha. Anthu amakangana za utoto, matiresi ndi sola, koma chimene galimoto yanu idzamve tsiku lililonse pamsewu ndi kaumbidwe ka chinthu chimene mwaimangirira kumbuyocho.

Mphepo imalipiritsa pati

Tulutsani dzanja pawindo galimoto ikuthamanga, chikhatho chitayang'ana kutsogolo, kenako muchigoneke ngati mpeni. Nkhani yonse ili pamenepo. Mphepo imakankha molingana ndi liwiro, kukula kwa nkhope imene yakumana nayo, ndiponso mmene nkhopeyo yaumbidwira. Pa zitatuzi, chankhanza kwambiri ndi liwiro, chifukwa likawirikiza kawiri, kukankha kwa mphepo kumawirikiza kanayi. Mukachoka pa makilomita 80 pa ola kufika pa 100, kukankhako kumakwera ndi 56 pa 100 alionse, ndipo mphamvu imene injini iyenera kuwonongera mphepo yokha imatsala pang'ono kuwirikiza kawiri.

Kuti zimveke bwino, mu mpweya wa kuno ku Harare, sikweya mita imodzi ya khoma lathyathyathya imakankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 40 mukamathamanga 100, ndipo pafupifupi 26 mukamathamanga 80. Makilogalamu 40 amenewa musawaone ngati katundu wokwezedwa m'galimoto ayi. Aoneni ngati zigubu ziwiri za malita 20 zimene mukukoka ndi chingwe kuchokera m'chitsime, osapuma, kuyambira pa Msasa kuno ku Harare mpaka pa Mutare. Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndiye mpweya wake ndi wopepukirapo kuposa wa kunyanja ya mchere. Zimenezi zimachepetsako kukankhako, koma musasangalale msanga, chifukwa injini yopanda turbo nayo imafooka mumpweya woterewu.

Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti kalavani sikumana ndi mphepo yokha. Galimoto imatsogola kung'amba mpweya, ndipo kumbuyo kwake kumatsala kamthunzi kamene mphepo yake ndi yofooka. Mbali ya kalavani imene yabisala mumthunzi umenewu imalipira pang'ono. Imene yasuzumira pamwamba pa denga la galimoto kapena m'mbali mwake ndiyo imalipira msonkho wonse. Honda Fit, imene yadzaza mumzinda uno, ndi pafupifupi mamita 1.7 m'lifupi ndi 1.5 msinkhu. Hilux ya zitseko zinayi imafika cha m'ma 1.8 konsekonse. Musanagule ndi chitsulo chimodzi chomwe, tengani tepi mukayeze galimoto yanu.

Kumbuyo nakonso kuli nkhani. Kombi ikayenda mumsewu wafumbi, chitseko chakumbuyo ndi chimene chimada kwambiri, kuposa kutsogolo. Mpweya ukafika pothera bokosi umalephera kukhota, umasiya dzenje la kamvuluvulu limene limayamwa fumbi, ndipo limayamwanso galimotoyo kuibweza m'mbuyo.

Bokosi loimiriramo

Ubwino wake sindingaukane. Ndi losavuta kupanga, zitsulo zonse n'zodula mowongoka, ndipo mapulayiwudi a mamilimita 2440 kwa 1220 amalowa osataya zidutswa zambiri. Mvula ikagwa mumaphikira m'kati, mayi amavala momasuka, ana amagona pabedi losanjikiza. Pakati pa sabata mukachotsa mabedi, mumasamutsira anthu katundu kapena kunyamulira masamba ku Mbare Musika, ngoloyo n'kumadzibwezera ndalama zake.

Koma tiyeni tiwerengere. Kuti munthu aimirire pamafunika mamita 1.9 m'kati. Pansi pa kalavani pamakhala theka la mita kuchokera pamsewu. Denga lafika kale pa 2.4. X-Trail yanga yakale ndi ya mamita pafupifupi 1.7, ndiye kuti khoma la masentimita 70, lotambalala mamita 1.8, linkasuzumira pamwamba. Imeneyo ndi sikweya mita imodzi ndi kota, thumba lathunthu la simenti lolendewera m'chitsime muja. Mafuta amene kale ankandifikitsa kutali anayamba kundithera panjira, ndipo pa chitunda chilichonse giyabokosi inkangosinthasintha ngati munthu wosowa pokhala.

M'mbali ndiye muli zoopsa zenizeni. Khoma la mamita 3 kwa 1.9 ndi thanga la bwato. Anzathu a Chishona mwezi wa Ogasiti amautcha Nyamavhuvhu chifukwa cha mphepo yake, ndipo amene anakokapo bokosi lalitali mwezi umenewu amadziwa kuti dzinalo silinama. Onjezani magonyeti, mathiraki akuluakulu aja a mumsewu wa Nyamapanda kapena wa Beitbridge, amene akamadutsa amayamba akukankhani kenako n'kukuyamwani.

Ngati mtima wanu wakakamira bokosi, pali mankhwala amodzi otsika mtengo. Mukapita pa Roadport, yang'anani mabasi a maulendo ataliatali. Nkhope zake n'zathyathyathya ndithu, koma ngodya zonse zakutsogolo n'zobulungira. Ngodya yakuthwa imaponya mpweya kutali ndi thupi, bokosi n'kumaoneka lalikulu kwa mphepo kuposa mmene lilili. Ngodya yopindidwa bwino, ngati kupinda kwa ndowa yaikulu, imaulola mpweya kutsetsereka n'kumamatira kukhoma. Pindani ngodya yapamwamba ndi ziwiri za m'mbali. Mmisiri adzadandaula kuti ntchito yachuluka, muwonjezereni ndalama, idzabwerera pa filing'i sitesheni.

Mphuno yosongoka

Iyi amisiri amaikonda, makasitomala amaikonda, ndipo pachithunzi imaoneka ngati chinthu chothamanga. Ine ndimaikayikira. Nsonga ya mphunoyo imakhala kumbuyo kwenikweni kwa galimoto, mumthunzi muja, pamene palibe mphepo yambiri yoti ing'ambidwe. Pamene mphuno yakumana ndi makoma a m'mbali pamatsalabe ngodya zakuthwa. Denga silinatsike, kumbuyo sikunasinthe. Ndiponso mphepo ya pamsewu siibwera molunjika nthawi zonse, ikabwera cham'mbali, tsaya limodzi la mphunoyo limasanduka khoma.

Phindu lake lenileni ndi malo osungira zinthu, ndipo pomwepo palinso msampha. Botolo la gasi, batire ndi jeke zonse zimathamangira kumphuno, kumbuyo kwa galimoto n'kukhala pansi, magetsi n'kumaunika mitengo m'malo mwa msewu. Mphunoyo imadyanso khosi la ngolo, chitsulo chija cholumikiza ngolo ku galimoto, moti pokhota kwambiri kapena pobwerera m'mbuyo imapsompsona bampala. Ngati mukufuna kusongola, songolani kuchokera pamwamba, denga liyambire potsika kutsogolo, molingana ndi denga la galimoto, n'kumakwera pang'onopang'ono. Chimene chasuzumira chili kumwambako.

Kadontho

Azungu amaitcha teardrop, chifukwa ukaiona cham'mbali imakhala ngati dontho la msozi logona, lobulungira kutsogolo, lotsetsereka kumbuyo. Inatchuka ku America m'zaka za m'ma 1930 ndiponso nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, pamene anthu ankadzipangira m'magalaja kuti azikoka ndi galimoto za injini zazing'ono. M'kati muli bedi basi. Kumbuyo kuli chivindikiro chachikulu chimene mukachikweza mumapeza khitchini, chivindikirocho n'kukhala denga la wophika. Ndinaonapo mayi wina akuvundula nsima pansi pa chivindikiro chotere m'mphepete mwa Chivero kukuwaza mvula, ana ali m'kati miyendo ili panja, ndipo ndinachita kaduka.

Anthu amati kadontho kamakoka bwino chifukwa cha mchira wake. Zoona zake n'zochepa kuposa pamenepo. Mpweya umatsatira kutsetsereka kofatsa kokha, kwa madigiri 10 mpaka 15. Kukapitirira kwambiri umalekana ndi denga, dzenje la kamvuluvulu lija n'kubwerera. Kalavani ya mamita 2.4 ilibe malo okwanira mchira wofatsa chonchi, ndiye timadontho tambiri timatsetsereka mwaphedi kumapeto. Chimene chimakapulumutsa n'chakuti n'kafupi ndiponso n'kowonda. Thupi la mamita 1.2 msinkhu, lokhala pa chasisi chotsika, limabisala pafupifupi lonse kumbuyo kwa galimoto wamba, ndipo kachidutswa kamene kasuzumira n'kobulungira kale. Mphepo ya m'mbali nayo imapeza khoma laling'ono, theka la bokosi lija.

Zovuta zake zilipo. Mumalowa chokwawa, mumavala mutakhala, ndipo mumagona anthu awiri, mwina ndi kamwana pakati. Mu Okutobala ku Kariba kapena ku Tete kabokosi kotere kamasanduka uvuni ngati mulibe mawindo a sefa mbali zonse ziwiri ndi kotulukira mpweya padenga. Ntchito yake ndi ya kalipentala kuposa wowotcherera. Makoma a m'mbali ndi athyathyathya, mumangodula pulayiwudi motsatira chithunzi, koma denga limafuna pulayiwudi yopyapyala ya mamilimita 3 kapena 4 yoti ipindike pa timitanda, ndiye pamwamba pake aluminiyamu kapena lata lopyapyala. Ku Glen View Area 8 kuli akalipentala amene angakupindireni zimenezi mutawafotokozera bwino. Pamene ambiri amagwa ndi pa hinjesi ya chivindikiro chakumbuyo. Ili padenga penipeni pamene madzi onse amadutsa, ndipo ikapanda labala wabwino mudzapeza ufa ndi shuga zitasanduka phala.

Ngolo yotsika, tenti pamwamba

Aliyense amaidziwa ngolo ya Venter, kabokosi kotsika ka chivindikiro kamene timakaona kumbuyo kwa magalimoto obwera ku Joni. Tengani maganizo omwewo, muikulitse pang'ono, muike zitseko m'mbali zosololera khitchini, ndipo pamwamba mumangirire tenti yopinda. Zonse pamodzi zikhoza kuthera pa mamita 1.5. Pa njira zonse zimene ndatchulazi, iyi ndi imene galimoto imaiiwala kuti ili kumbuyo. Mphepo siiona, gonyeti likadutsa imangogwedezeka pang'ono, ndipo ngati mwaipanga yosaposa galimoto m'lifupi simufunikanso magalasi owonjezera a m'mbali. Kwa munthu wa Fit, Wish kapena Probox, ine sindiona njira ina yanzeru.

Ndi imenenso imapirira misewu yoipa. Amene anatsikapo pa Marongora kupita ku Mana Pools amadziwa timabampu tija tondondozana ngati malata, timene timamasula bawuti iliyonse. Bokosi lalitali mumsewu wotere limang'ambika m'ngodya, pamene kabokosi kafupi kamangonjanja n'kufika. Kugona m'mwamba kumathandizanso mtima kumalo kumene afisi amayendayenda usiku pakati pa matenti.

Malipiro ake mumapereka mukafika. Tenti imafuna kutambasula ndi kupinda tsiku lililonse, ndipo mukaipinda yonyowa osakaiyanika kunyumba, nkhungu imaidya. Lona silitchinga wakuba wa mpeni, ndiye pogona pachipata cha dziko kapena m'tauni yachilendo mtima sukhala m'malo. Tenti zimenezi zimalemera makilogalamu 50 mpaka 70, ndipo kulemera konseko kuli pamwamba, choncho musaikweze pa nsanamira zazitali pofuna mthunzi pansi pake. Ndiye pali makwerero. Apongozi anga aakazi titapita nawo ku Nyanga anawayang'ana kuyambira pansi mpaka pamwamba, n'kunena kuti, "Bambo a Chisomo, ine mundiyalire pansi pompano. Mawondo angawa anakwera kale mapiri awo." Tinagona m'mwamba ndife, iwo m'galimoto, ndipo nkhaniyo sinathe mpaka lero.

Denga lokwera, ndi theka la pikiapu

Pakati pa bokosi ndi ngolo ya tenti pali kalavani ya makoma olimba ofika cha m'ma mita 1.2, imene denga lake limakwera mukafika, mpata wake n'kutsekedwa ndi lona. Pamsewu ndi yaifupi, pamsasa mumaimirira. Kukweza denga lonse ngodya zinayi pamodzi kumavuta. Chapafupi ndi kuika mahinjesi kutsogolo, denga n'kumatseguka ngati pakamwa pa ng'ona, mothandizidwa ndi timapampu tija tokweza chitseko chakumbuyo cha galimoto, timene mungatipeze mwa ogulitsa zipangizo zakale ku Gazaland, ku Highfield. Denga likhale lopepuka kwambiri, ndipo pokumana denga ndi khoma pakhale labala wozungulira ponse, apo ayi fumbi la mumsewu mudzagona nalo. Imafuna mmisiri woleza mtima, wodziwa kuyeza kawiri.

Za kudula pikiapu yakufa n'kusandutsa kumbuyo kwake ngolo, ndingoti n'zabwino kunyamulira mchenga ndi manyowa. Ekiselo yake n'njolemera, difu imangozungulira pachabe, masipuling'i ndi ouma, ndipo magudumu amakhala pakati penipeni pa bokosi, pamalo olakwika.

Tsiku limene bokosi linavina

Nkhani ya malo a magudumu ndi a katundu ndi imene inatsala pang'ono kutipha. Tinkachokera kumudzi, tadutsa bwinobwino Tete ndi Nyamapanda, ndipo pa Mutoko tinaima kugula tomato, poti ndani amadutsa pa Mutoko osagula tomato. Mabokosi anayi tinawalowetsera pachitseko chakumbuyo n'kuwasiya pomwepo, pambali pa zigubu za madzi ndi tayala lapadera limene ndinalimangirira kunja kwa chitsekocho. Titayenda pang'ono, pamalo otsetsereka, tinakumana ndi gonyeti lonyamula chimwala chakuda chija amakumba kumeneko. Litangodutsa ndinamva chiwongolero chapepuka. Pagalasi ndinaona kalavani yasuzumira kumanja, kenako kumanzere, kenako kumanja kwambiri, ndipo kumbuyo kwa galimoto kunayamba kutsatira. Phazi linathamangira pa buleki lokha. Mlamu wanga, amene anayendetsapo mathiraki, anakuwa, "Alamu, musaponde! Chotsani phazi pamoto, chiwongolero mugwire chilili!" Ndinamvera. Inavina kanayi kapena kasanu, kuvina kukucheperachepera, mpaka inakhazikika. Titaima pambali, tomato anali ataphwanyika ndipo miyendo yanga inkanjenjemera moti sindinathe kutsika msanga.

Mlamuyo anamasula kalavani n'kundiuza kuti ndinyamule khosi lake. Ndinalinyamula ndi dzanja limodzi ngati khasu. "Ndi imeneyotu," anatero. Ngolo imayenda mowongoka pokhapokha khosi lake likamapondereza mpira wa towbar, chitsulo chokokera chija cha kumbuyo kwa galimoto. Amisiri ambiri amatsata gawo limodzi mwa magawo 10, ndiye kuti kalavani ya makilogalamu 600 izipondereza pafupifupi 60, bola musapitirire malire olembedwa pa towbar yanu. Kuyeza kwake n'kosavuta. Tengani sikelo ija yoyezera thupi, muike thabwa pamwamba pake, muimike chipika chofika msinkhu wa mpira, khosi likhale pachipikacho kalavani itapakiridwa ngati mmene mudzayendere. Ekiselo izikhala kumbuyo kwa pakati, mwina magawo 60 a thupi kutsogolo ndi 40 kumbuyo. Zolemera zonse, madzi, batire, ufa, zikhale pansi ndiponso pafupi ndi ekiselo. Kuika cholemera kumchira n'kuikanso china kumphuno kuti zilingane n'kudzinamiza, sikelo idzaonetsa bwino koma ngoloyo ikangoyamba kupendama idzakhala ngati mtengo wautali wonyamula pamutu wokhala ndi ndowa kunsonga zonse ziwiri.

Apa kaumbidwe kamabweranso. Khoma lalitali la bokosi limakankhidwa ndi mphepo kumwamba, ndipo kukankha kumeneko kumanyamula khosi. Ndiye kuti pamene mwathamanga, pamene mukufuna kupondereza kwambiri, m'pamenenso kumachepa. Kadontho nako kali ndi khitchini kumchira, choncho ekiselo yake iyenera kusunthira m'mbuyo kuposa ya ngolo wamba. Musaiwotcherere msanga. Malizani thupi, pakirani, muigoneke pa paipi n'kumaisuntha mpaka sikelo itavomera, ndiye muwotcherere zomangira masipuling'i.

Khosi lalitali limakhazikitsa ngolo ndipo limathandiza pobwerera m'mbuyo, koma mpata waukulu pakati pa galimoto ndi kalavani umalola mphepo kugweramo n'kumenya nkhope yonse. Ine ndimati litalike mokwanira kuti mukhote mpaka ngolo itapingasa osagunda bampala, basi, ndipo mpatawo muikemo kabokosi kotsika ka zinthu zopepuka. Magudumu akhale ofanana ndi a galimoto ngati n'kotheka, kuti tayala lapadera lizigwira konse. Timagudumu ting'onoting'ono timazungulira kwambiri, mabering'i amatentha, ndipo maenje a m'misewu yathu amatimeza.

Kulemera kwa zipangizo, mabuleki ndi mapepala

Kaumbidwe kamasankhanso kulemera. Lata lachitsulo la milimita imodzi limalemera makilogalamu 7.85 pa sikweya mita, la aluminiyamu 2.7. Bokosi langa lija linali ndi makoma ndi denga zokwana masikweya mita pafupifupi 24, ndiye chikopa chake chokha chinali makilogalamu oposa 180, tisanawerenge mafupa. Paipi yachitsulo ya makona anayi, chitsulo cha mamilimita 50 kwa 50 kwa 2, chimalemera makilogalamu 3 pa mita, ndipo amisiri athu amakonda kuchiika paliponse poopa kuti mungadzabwere kudzadandaula. Pa chasisi ndi khosi musaumire, muike cholimba. Pa makoma ndi denga cha 25 kwa 25 chimakwana. Kadontho kamafuna pafupifupi theka la chikopa chimenechi.

N'chifukwa chiyani ndikulimbikira kulemera pamene ndanena kuti pamsewu wosalala mdani ndi mphepo? Chifukwa cha zitunda ndi mabuleki. Ngakhale magalimoto akuluakulu ngati Hilux, opanga ake amaika malire a makilogalamu 750 pa ngolo yopanda mabuleki akeake, ndipo galimoto zing'onozing'ono malire ake ndi otsika kuposa pamenepo. Onani m'buku la galimoto yanu. Kutsika kuchokera pa Makuti kupita ku Kariba, pa Christmas Pass polowa mu Mutare, kapena pa Boterekwa ku Shurugwi, kalavani yolemera imakukankhani pamakona, mabuleki n'kuyamba kununkha. Pokwera, monga kuchoka ku Tete kupita ku Zobue dzuwa lili paliwombo, imene imalira ndi giyabokosi, makamaka za otomatiki za mtundu wa CVT zimene zili m'galimoto zambiri zochokera ku Japan. Bokosi loimiriramo n'kovuta kulisunga pansi pa 750 mukaikamo madzi, mabedi ndi katundu, ndiye muwerengeretu ndalama ya ekiselo ya mabuleki ndi pikiapu yolikoka. Kadontho ndi ngolo ya tenti zimatheka popanda zimenezo.

Kalavani yodzipangira ndi galimoto pamaso pa lamulo. Iyenera kuyezedwa ku VID, nthambi ya boma yoyeza magalimoto, kulembetsedwa ku CVR, ofesi yolembetsa magalimoto, kuti ikhale ndi nambala yakeyake, ndi kulipiridwa laisensi ya ZINARA, bungwe loyang'anira misewu. Sungani malisiti a ekiselo, zitsulo ndi magudumu kuyambira tsiku loyamba. Pamafunika magetsi onse akumbuyo, zonyezimira, chilembo T choyera kutsogolo ndi chofiira kumbuyo, komanso tcheni chogwira ngolo ikamasuka pampira. Odutsa ku Mozambique afunsiretu zizindikiro zimene amafuna kumeneko kwa okoka ngolo.

Bokosi lija ndinagulitsa kwa bambo wina wa ku Epworth. Analichotsa magudumu, analiika pa njerwa, pano akugulitsiramo buledi ndi mafuta ophikira, ndipo ndi ntchito imene linabadwira. Ndakhala ndikukoka ngolo ya tenti, pa 80 osapitirira, koma chifukwa cha mawondo a apongozi ndayamba kupanga ya denga lokwera. Ulendo uno ndisanawotcherere nkhope, ndinaipanga ya hadibodi pa chasisi n'kumatapo tizingwe ta ulusi wolukira majuzi, totalika ngati chala, mizeremizere kutsogolo, padenga ndi m'mbali. Lamlungu m'mawa tinalowa msewu wa Bulawayo kulowera ku Norton, mlamu akutsatira pambali ndi galimoto yake, mwana wanga wamkulu akujambula ndi foni. Ulusi wa m'munsi mwa nkhope unkangolendewera, wina n'kumaloza kutsogolo, kusonyeza kuti pamenepo mphepo palibe. Wa m'mbali unagona bwinobwino. Koma mzere woyamba wa padenga, kuseri kwa ngodya imene ndinaisiya yakuthwa chifukwa cha mahinjesi, unkazungulira ngati wagwidwa mizimu. Loweruka likubwerali mahinjesiwo tikuwasunthira m'mbuyo masentimita 20 kuti ngodyayo ipindidwe, ndipo mmisiri wandiuza kale kuti ndibwere ndi choko changa.